Kodi Mtima Wabwino Wokha Ukwanira pa Ntchito ya Mulungu?

Pali funso limene limamveka kawirikawiri m'malimana mwathu, makamaka pa nyengo yosankha atsogoleri atsopano, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu, pakuti amene amalifunsa si anthu aulesi kapena onyoza chipembedzo iai. Iwo amati: odwala ali gone m'nyumba, amasiye alibe wowatungira madzi, maliro akudikira okumba manda, nanga n'chifukwa chiyani Eklezia amatiuza kuti tiyambe takhala pansi ndi kumva Malembo Oyera, ngati kuti wodwala angachire ndi kuwerenga kwathu? Kodi mtima wabwino ndi manja awiri sizikwanira? Yankho limene ndifuna kulitsimikiza pano ndi ili: mtima wabwino umakwanira poyamba ntchito, koma sukwanira poipitiriza. Mtima umene udzapirire pa tsiku la mavuto ndi umene udakonzedwa ndi Mau a Mulungu tsikulo lisanafike.

KUMENE MTIMA UMAYESEDWA

Tisapite kutali kukafuna chitsanzo. Anthu a m'dera la Mfumu Mwambo ndi la Mfumu Kuntumanji, a ku Jali, a ku Kachulu ndi a pa chilumba cha Chisi, amadziwa bwino kuti Nyanja ya Chilwa imapatsa mowolowa manja, koma siilonjeza kanthu za chaka chamawa. Pa zaka zabwino matemba, makumba ndi milamba zimadyetsa mabanja mpaka ku Limbe ndi kupitirira, ndipo mpunga wa ku Likangala ndi ku Domasi umadzaza matumba. Koma nyanjayi ndi yosaya, kotero kuti m'malo ambiri bwato amaliyendetsa ndi nsungwi yofika pansi. Ilibenso mtsinje wotulukamo, ndipo moyo wake wonse uli pa mvula ndi pa mitsinje yothiramo, monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikachepa zaka zingapo zotsatizana, nyanja imaphwa. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idasanduka dothi long'ambika, mabwato atangokhala pa matope ku dooko la Kachulu. Zaka zina vuto limakhala madzi ochuluka, monga mu Marichi 2019, ndiponso mu Marichi 2023 pamene namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'Chigawo cha Kummwera. Pamwamba pa izi pali kolera, imene yabuka kambirimbiri pakati pa asodzi ogona m'zimbowera, kumene madzi akumwa ndi madzi otayamo zonyansa ali amodzimodzi.

Masiku otere ndiwo amaonetsa chimene chili m'mtima mwa mtumiki. Nsomba zikamaphedwa ndipo nkhokwe zikakhala zodzaza, kutumikira sikuvuta, pakuti mbale ya ufa yopatsa wamasiye siichepetsa nsima ya ana. Koma njala ikalowa m'mudzi, nthenda zitatu zimagwira ngakhale Akristu achangu.

Yoyamba ndi kutopa. Munthu adayamba mokondwa kuyendera odwala, koma odwala sakutha, ena sachira, ena sathokoza, ndipo pakhomo pake pomwe ana akugona ndi njala. Tsiku lina amangonena kuti wachitako mbali yake, tsopano achiteko ena. Yachiwiri ndi kukondera. Chimanga chothandizira anthu chikabwera, mtsogoleri wa limana kapena wa komiti ya m'mudzi n'kupatsidwa cholembera kuti alembe maina a osowa, dzanja limathamangira kwa mphwake, kwa apongozi ake ndi kwa a mpingo wake, ndipo nkhalamba yachisilamu ya kumapeto kwa mudzi, imene ilibe woilankhulira, imaiwalika. Yachitatu, imene ili yobisika koposa zinzake, ndi kufuna malipiro: ngati si thumba la ufa, ndiye kutamandidwa, mpando wa kutsogolo m'tchalitchi, dzina lomveka pa zolengeza. Dzinalo likapanda kutchulidwa, mtumiki amanyanyala.

Tisafulumire kunena kuti anthu otere adali achinyengo kuyambira pachiyambi. Mtima wao udali wabwino ndithu. Koma chifundo chimene munthu amabadwa nacho chimadalira zimene maso akuona ndi zimene thupi likumva: chimayaka pa mwana wolira, chimazirala pa nkhalamba yolongolola, chimadziwa m'bale, mlendo sichimudziwa. Chikapanda china chochichirikiza, chimaphwa pa nthawi yomweyo imene chikufunika koposa.

PHUNZIRO LA EZARA

M'Chipangano Chakale muli munthu amene moyo wake umayankha funso lathu. Ezara adali wansembe ndiponso mlembi wodziwa Malamulo a Mose, ndipo adachoka ku Babiloni kupita ku Yerusalemu m'masiku a Aritasasta, mfumu ya ku Persiya, kuti akakonze moyo wa Ayuda amene adabwerako ku ukapolo. Buku lotchedwa dzina lake, pa mutu 7 ndime 10, limatiululira chinsinsi cha mphamvu yake. Iye adaikiratu mtima wake pa zinthu zitatu, ndipo zitatuzo zidatsatana motere: kuphunzira Malamulo a Mulungu, kuwasunga iye mwini, ndipo pambuyo pake kuwaphunzitsa anthu. Kutsatana kumeneku sikudangochitika mwangozi. Amene amayamba kuphunzitsa asanachite ndi mlaliki wa pakamwa chabe. Amene amayamba kuchita asanamve ali ngati waganyu wosafunsa mwini munda, amene angathe kukhetsa thukuta tsiku lonse polima pamene mwini sadafune. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Tionenso chimene chidachitika tsiku limene Ezara adawerenga Malamulowo poyera, monga buku la Nehemiya limafotokozera pa mutu 8. Amuna, akazi ndi ana otha kumva adasonkhana pa bwalo la ku Chipata cha Madzi, Ezara adawerenga kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo Alevi adali kumasulira kuti aliyense amvetse. Anthu adayamba kulira, pakuti mauwo adawalasa mtima. Koma atsogoleri adawatonthoza, nawatuma kuti apite akadye ndi kumwa, ndipo atumizeko gawo kwa amene adalibe kanthu. Taonani m'mene zidayendera: kuwerenga kudayambira m'makutu, kudatsikira m'mtima, kudakathera pa mbale ya chakudya yopita kwa mnansi wosowa.

Apa tikuona ntchito yeniyeni ya Malembo. Iwo sachotsa chifundo chimene munthu adabadwa nacho, koma amachipatsa maziko amene sasintha ndi nyengo. Kwa mtumiki wotopa, Mateyo pa mutu 25 amaulula amene tikumutumikira: Ambuye amawerengera zimene tachitira wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wam'ndende ngati kuti tachitira Iwo eni ake. Wodwala wosathokoza uja asinthe kapena asasinthe, Kristu amene ali mwa iye sasintha. Luka pa mutu 17 amatikumbutsa kuti mwa akhate khumi amene adachiritsidwa mmodzi yekha ndiye adabwera kudzathokoza, ndipo Ambuye sadaleke kuchita zabwino chifukwa cha asanu ndi anayi aja. Kwa mtumiki wokondera, Yakobe Woyera pa mutu 2 wa kalata yake amadzudzula mpingo umene umapatsa wolemera malo abwino n'kumuimika wosauka kumbuyo, ndipo kutero amakutcha tchimo. Kwa mtumiki wofuna malipiro, Mateyo pa mutu 6 amachenjeza kuti amene amapatsa kuti anthu amuone walandiriratu mphotho yake yonse, ndipo Yohane pa mutu 13 amationetsa Mwana wa Mulungu atagwada ndi beseni, akusambitsa mapazi a ophunzira ake, ndi a Yudasi omwe. Mau amenewa sachokera mwa ife eni. Mtima ukasiyidwa wokha umadzipezera zifukwa zodzilungamitsira. Pafunika liwu lochokera kunja kwake, limene silidya nao ziphuphu.

NTHAWI YOKONZA MTIMA NDI ITI?

Ambuye Yezu eni ake sadayambe ntchito yao mothamanga. Adakhala zaka pafupifupi 30 ku Nazarete, kenaka masiku 40 m'chipululu. Satana atawayesa katatu, pa chakudya, pa ulemerero ndi pa ulamuliro, Iwo adayankha katatu konse ndi mau a m'buku la Deuteronomo. Tiganizire bwino: m'chipululu mudalibe sunagoge, mudalibe mpukutu wa buku woti afunyulule. Mau amene adawateteza adali kale m'kati mwao, osungidwa kuyambira ubwana. Mayesero atatuwo ndi omwe aja amafikira wolemba maina a osowa: mimba, ulemu ndi mphamvu. Ngati Mwana wa Mulungu adafuna kumenya nkhondoyo ndi Malembo osungidwa kale, ife ndife yani kuti tiziyesa kuti tidzaipambana ndi kufatsa kwathu kokha?

Anthu a m'mphepete mwa Chilwa angathe kumvetsa izi msanga kuposa ophunzira a m'tauni. Nyanja itauma mu 1995, nsomba sizidathe zonse: zina zidapulumukira m'maiwe akuya a m'mitsinje. Mafumu pamodzi ndi a Boma oona za nsomba adaletsa kuthira katupe m'maiwemo, ndipo anthu a m'midzi adayang'anira kuti lamulolo lisungidwe. Mvula itabwera ndipo mitsinje italumikizananso ndi nyanja, nsomba zosungidwa zija ndizo zidaswana n'kuidzazanso. Munthu wanjala akadatha kunena kuti kusiya nsomba m'dziwe pamene ana akulira ndi kupanda nzeru. Komatu akadazitha tsiku lomwelo, chaka chotsatira akadavuula makoka opanda kanthu. Nthawi imene Mkristu amapatula kuti amve Mau a Mulungu ili ngati maiwe amenewa. Wopupuluma amaiona ngati yotayika, koma moyo wa ntchito yonse umabwereranso kuchokera m'menemo chilala chikapita.

Mbiri ya Eklezia muno mu Afrika imachitira umboni zomwezi. Ku Buganda, ansembe a White Fathers adachoka mu 1882, osabwerera mpaka 1885. Akristu oyamba a kumeneko, amene anthu adali kuwatcha owerenga, adatsala opanda wansembe, opanda Misa, ali ndi zokhazo zimene adaphunzira ndi kusunga za Mthenga Wabwino. Adapitiriza kuphunzitsana okhaokha, ndipo ansembe pobwerera adapeza kuti chiwerengero chao chidakula. Mwa anthu omwewo mudatuluka Charles Lwanga ndi anzake, amene adatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886. Kulimba mtima kwa tsiku limenelo sikudabadwe m'mawa wa tsikulo. Mmera mpoyamba.

MAU OTSUTSA AMENE TIYENERA KUWAMVA

Wina anganene kuti: Bambo, mwaiwala kuti m'fanizo la Msamariya, amene adalambalala munthu wovulala adali wansembe ndi Mlevi, anthu odziwa Malembo koposa onse. Mwaiwalanso kuti Satana yemwe, poyesa Ambuye, adatchula mau a m'buku la Masalimo. Ndipo m'mudzi uliwonse muli agogo amene sadapondeko m'kalasi, amene amalera ana amasiye anayi kapena asanu osadandaula, pamene mnyamata wodziwa mitu ndi ndime pamtima sangathe kubwereka mnzake njinga kuti atengere wodwala ku Pirimiti. Kodi izi sizionetsa kuti Malembo ndi ntchito zachifundo ndi zinthu ziwiri zosiyana?

Mau amenewa ndi oona mbali yaikulu, ndipo amatiphunzitsa kusiyanitsa kudzaza mutu ndi kukonza mtima. Katswiri wa Malamulo amene adachititsa kuti Ambuye anene fanizo lija adayankha bwino lomwe za lamulo la chikondi. Chimene adasowa ndi chachiwiri cha Ezara, kuchita. Adawerenga kuti apambane pa mtsutso, ndipo adafunsa za mnzake kuti apeze malire a udindo wake. Munthu angathe kuwerenga Malembo pofuna mwala woponyera a mpingo wina, kapena pofuna ndime yomukhululukira ulesi wake, ndipo wotere amatsekula buku atatseka mtima. Yakobe Woyera amamufanizira ndi munthu amene amadziyang'ana pa galasi, n'kuchoka, nthawi yomweyo n'kuiwala m'mene nkhope yake iliri. Vuto lake si kuchuluka kwa Malembo, koma kuti sadalole kuti Malembowo amuweruze iye mwini.

Kunena za agogo aja, tisalakwe poyesa kuti Mau a Mulungu sadawafike. Malembo adalembedwa kuti azimvedwa, ndipo kwa zaka zoposa 1,400, makina osindikiza mabuku asanapangidwe ku Mainz, Akristu ambiri sadagwirepo Baibulo m'manja mwao. Anthony Woyera wa ku Ejipito adagawira osauka chuma chake atamva Mthenga Wabwino ukuwerengedwa m'tchalitchi, ndipo Francis Woyera wa ku Assisi adayamba moyo wake waumphawi wolalika atamva pa Misa za kutumidwa kwa ophunzira. Agogo amene akhala pa mkeka m'tchalitchi Lamulungu lililonse kwa zaka 50, namva za mkazi wamasiye wa ku Zarefati ndi za Lazaro wa pa khomo la mwini chuma, nazisunga m'mtima monga adachitira Maria Virigo Woyera, akonzedwa ndi Malembo koposa mnyamata uja. Ukoma wao ndi umboni wa nkhani yathu, suitsutsa.

Tionenso nzeru za Luka Woyera pa kayalidwe ka mutu 10 wa buku lake. Atangotha fanizo la Msamariya, limene limatituma kukachita, nthawi yomweyo amatilowetsa m'nyumba ya Marita ndi Maria, m'mene wotanganidwa ndi ntchito amayamba kudandaula ndi kuneneza m'bale wake, ndipo amene adakhala pansi kumvetsera ndiye amayamikiridwa. Marita sadalakwe pophika. Koma ntchito yake, posowa kumvetsera, idayamba kale kubala mkwiyo, nthenda yomwe ija timaiona m'makomiti mwathu. Nkhani ziwirizi zidaikidwa moyandikana kuti tisatenge imodzi n'kusiya inzake.

OGAWA CHAKUDYA A MPINGO WOYAMBA

Ena amaganiza kuti Malembo ndi a ansembe, a masisitere ndi a akatekisiti, ndipo kuti wogawa ufa, wosunga thumba la limana kapena wophika pa maliro sawafuna kwenikweni. Buku la Ntchito za Atumwi pa mutu 6 limatsutsa maganizo amenewa. Mu mpingo wa ku Yerusalemu mudabuka dandaulo lofanana ndi la m'midzi mwathu: Akristu olankhula Chigriki adati amasiye ao adali kuiwalika pa kugawa chakudya kwa tsiku ndi tsiku, pamene a olankhula Chihebri adali kulandira. Atumwi sadakane mlanduwo, ndipo sadafune anthu odziwa kuwerengera okha. Adapempha mpingo kuti usankhe amuna 7 a mbiri yabwino, odzazidwa ndi Mzimu Woyera ndi nzeru. Maina a osankhidwawo onse ndi achigriki, chizindikiro chakuti mpingo udapereka ntchitoyo m'manja mwa mbali imene idadandaula.

Tsono taonani kuti ogawa chakudyawo adali anthu otani. Stefano, ataimikidwa pa bwalo la milandu, adafotokoza pamtima mbiri yonse ya chipulumutso kuyambira pa Abrahamu mpaka pa Solomoni, ndipo adafa akupempherera omuponya miyala. Filipo adakumana ndi nduna ya ku Etiopiya ikuwerenga mneneri Yesaya, naimasulira mauwo mpaka idapempha ubatizo. Mpingo woyamba udadziwa kuti pa thumba la chakudya ndi pamene pamafunika mtima wokonzedwa koposa, pakuti pamenepo ndi pamene mayesero ali pafupi ndi dzanja.

BUKU LILI M'CHINENERO CHATHU

Makolo athu m'chikhulupiriro akadakhala ndi chowiringula, koma ife tilibe. Pamene ansembe a Montfort adafika ku Nzama mu 1901, ndiponso pamene dera la Zomba lidapatsidwa Episkopi wakewake, Ambuye Lawrence Hardman, mu 1952, n'kukhala dayosizi mu 1959, Misa idali kuchitika m'Chilatini, ndipo Akatolika ambiri adali kumva mbiri ya m'Baibulo kuchokera pakamwa pa aphunzitsi a m'midzi. Abale athu a mipingo ina adali kale ndi Buku Lopatulika, limene lidatha kumasuliridwa motsogozedwa ndi William Murray n'kutuluka mu 1922. Pa 18 Novembala 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata chotchedwa Dei Verbum, cholamula kuti khomo la Malembo likhale lotsekuka kwa Akristu onse, ndi kuwalimbikitsa kuti aziwawerenga kawirikawiri pamodzi ndi pemphero. Mu 1966 Akatolika adalandira Malembo Oyera, Baibulo lomasuliridwa ndi Bambo Louis Villy a White Fathers, ndipo mu 1998 kudatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi a mipingo ina adamasulira pamodzi m'Chichewa cha masiku ano.

Kuyambira 1969 mawerengo a Lamulungu adakonzedwa mwa zaka zitatu, chaka cha Mateyo, cha Marko ndi cha Luka, Yohane akumveka makamaka pa nyengo ya Lenti ndi ya Pasaka, kotero kuti amene saphonya Misa kapena mapemphero a Lamulungu amamva mbali zazikulu zonse za Mthenga Wabwino pa zaka zitatu zilizonse. Aepiskopi a maiko a kum'mawa kwa Afrika, pa misonkhano yao ya 1973 ndi 1976, adagwirizana kuti moyo wa Eklezia uzikike pa timagulu ta Akristu oyandikana nyumba, timene kuno timatcha malimana, kuti Mau a Mulungu azimveka pa khonde pomwe pali mavuto a anthu. Ndipo mu 2019 Papa Francis adapatula Lamulungu lachitatu la pa chaka kuti likhale la Mau a Mulungu. Chakudya chaphikidwa ndipo chaikidwa pa mphasa. Chatsala ndi kusamba m'manja.

TICHITE MOTANI TSONO?

Amonke akale adatisiyira njira yosavuta, imene Guigo wa chipani cha Carthusian adailongosola m'zaka za m'ma 1100: kuwerenga pang'onopang'ono, kusinkhasinkha, kupemphera, ndi kukhala chete pamaso pa Mulungu. Papa Benedict XVI, m'kalata yake Verbum Domini ya mu 2010, adaonjeza kuti kuwerenga kotere sikudafike pa mapeto ake kusanabale ntchito yachikondi. Njira imeneyi siifuna sukulu yapamwamba, ndipo ingatheke m'mudzi uliwonse wa m'mphepete mwa nyanja.

Banja lililonse litenge Mthenga Wabwino wa Lamulungu likudzalo, liuwerenge madzulo amodzi pakati pa sabata. Ngati makolo sadziwa kuwerenga, mwana wa sukulu awerenge, agogo amasulire, pakuti mwanayo ali ndi maso ndipo agogowo ali ndi zaka. Ndime zochepa zowerengedwa kawiri kapena katatu zimapindula kuposa mitu isanu yothamangitsidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomvetsera, aliyense adzifunse za iye mwini, osati za mnansi wake: mau awa akundiletsa chiyani, ndipo akundituma kwa yani?

Msodzi amene amakhala masabata m'zimbowera, kutali ndi tchalitchi, asanyamuke wopanda kamba wa mzimu. Asunge pamtima nkhani imodzi kapena ndime imodzi imene adamva, aziibwereza poyembekeza miono ndi matchera, ndipo ngati ali ndi wailesi kapena foni, amvere mawerengo a tsikulo pa Radio Maria. Miyezi ya dzinja imene makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane, pamene asodzi ali pamtunda kusoka zong'ambika, ndiyo nyengo yabwino yobwerera ku limana ndi ku Sakramenti la Kulapa. Tikumbukire kuti Yakobe ndi Yohane adaitanidwa ali m'bwato kukonza makoka ao.

Msonkhano wa limana usayambe ndi nkhani za zopereka, uyambe ndi Mau; ndipo usathe anthu asanatchule dzina la wodwala kapena wamasiye amene ati athandizidwe sabata imeneyo, ndi la amene ati apiteko. Pa msonkhano wotsatira afunsane ngati zidachitika. Atsogoleri akapatsidwa udindo wolemba maina a olandira thandizo, ayambe awerenga pamodzi mutu 2 wa Yakobe kapena mutu 6 wa Ntchito za Atumwi, ndipo akatha kulemba, awerenge mainawo poyera pamaso pa mudzi wonse, Akristu ndi Asilamu omwe. Dzanja limene langogwira kumene Buku Loyera limachita manyazi kulemba bodza.

Pomaliza, tichenjere ndi zinthu ziwiri. Baibulo si chithumwa choika kumutu kwa mphasa, ndipo si ula woti munthu atsekule paliponse kuti aone za mawa. Liwerengedwe pamodzi ndi Eklezia amene adalisunga, ndipo pamene pavuta tifunse katekisiti kapena wansembe. Chachiwiri, kuwerenga sikulowa m'malo mwa chipatala. Msamariya adatsuka mabala, adakweza wovulalayo pa bulu wake, adalipira ndalama ziwiri za siliva ku nyumba ya alendo. Momwemonso amene wamva bwino fanizolo, akaona mnzake akutsekula m'mimba ndi kusanza, amupatse madzi a thanzi ndi kuthamangira naye kuchipatala usiku womwewo, pemphero lili m'njira.

Akristu okondedwa, palibe mwa ife amene adziwa chaka chimene nyanja idzaphwenso kapena chimene madzi adzalowenso m'midzi, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Chimene tidziwa ndi chakuti tsikulo likadzafika, anthu osauka adzagogoda pa makomo athu, ndipo tidzawapatsa zokhazo zimene zidzapezeke m'mitima mwathu. Pa tsiku limenelo sipadzakhala nthawi yophunzira kupirira, chilungamo kapena kudzichepetsa. Nthawi yake ndi ino. Tiyeni tsono tipemphe Maria Virigo Woyera, amene adayamba wamva mau a mngelo, pambuyo pake nanyamuka mofulumira kukatumikira Elizabeti, kuti atipempherere kwa Mwana wake, kuti Mau amene timamva Lamulungu lililonse akhazikike mwa ife, ndipo pa nthawi ya kusowa anansi athu adzawapeze m'manja mwathu.